ZA NTHENDA YA KHANSA NDI MOTO WOZIZIRA

Nkhani ino ikukhudza makamaka inu a kwathu okhala mu mzinda wa Bulawayo, ku Makokoba, ku Mzilikazi, ku Sizinda, ku Mpopoma ndi ku Njube, kumene makolo ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique anadza kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'mafakitale, nabala ana ndi adzukulu. Nkhani yathu ya lero ndi ya nthenda imene ambiri amaopa ngakhale kuitchula dzina, ndiyo khansa. Sitifotokoza mitundu yake yonse ayi. Tifuna kuona chinthu chimodzi chokha: kodi chimachitika n'chiyani m'kati mwa chotupa pamene madotolo alikuchiwotcha ndi makina awo? Tidzanenanso za njira yatsopano imene akatswiri alikuyesa m'maiko akutali, yotchedwa pulazima wozizira. Munthu akamvetsa nkhani imeneyi, adzazindikira chifukwa chake dotolo amaumirira kuti wodwala afike msanga, ndi kuti asadumphe masiku a chithandizo chake.

KAUNDULA WA KU MPILO

Chipatala chachikulu cha Mpilo, chimene chili ku Mzilikazi, chinatsegulidwa m'chaka cha 1958. Dzina lake m'Chindebele litanthauza moyo. M'chaka cha 1963 pa chipatala chomwecho panayambika ntchito yosaonekera kwa anthu ambiri, koma ya mtengo wapatali, ndiyo kulemba m'kaundula odwala khansa a m'Bulawayo ndi a m'madera ozungulira. Anaitsogolera ndi Dotolo Skinner, ndipo inapitirira kufikira 1977. Alembi sanangolemba dzina la nthenda lokha. Ankafunsanso wodwala ngati amasuta fodya, ngati amamwa mowa, ndi ntchito imene amagwira. Kaundulayo anaonetsa kuti masiku amenewo amuna ankavutika kwambiri ndi khansa ya chiwindi, ya kummero ndi ya m'mapapo, pamene akazi ankavutika makamaka ndi ya khomo la chiberekero. Khansa ya chikhodzodzo, imene imayenda limodzi ndi likodzo, inalinso yofala.

Akatswiri atayerekeza chiwerengero cha zaka za 1963 mpaka 1972 ndi cha zaka za 2011 mpaka 2015, anapeza kuti nthendayi yasintha nkhope. Ya chiwindi ndi ya chikhodzodzo zinachepa, koma ya khomo la chiberekero, ya m'mawere, ya pulositeti, ndi zina zimene zimatsagana ndi kachilombo ka HIV zinachuluka. Ambiri a odwala amenewa amafunika kuwotchedwa chotupa ndi cheza champhamvu, ndipo mwa zipatala za boma m'Zimbabwe, ziwiri ndizo zinapatsidwa makina a ntchitoyi: Parirenyatwa ku Harare, ndi Mpilo kuno ku Bulawayo. Tsono kuti timvetse chimene makina otere amachita, tiyambe taona mmene thupi lathu linamangidwira.

SELO NDI MOTO WAKE

Monga nyumba imangidwa ndi njerwa, thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tamoyo tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Mwa munthu wamkulu muli maselo pafupifupi mathililiyoni 30, chiwerengero chimene munthu sangatsirize kuchiwerenga ngakhale atapatsidwa zaka zikwi zana. Selo lililonse lili ndi khoma lake lopangidwa ndi mafuta, ndipo m'mitundu yambiri ya maselo pakati pake pali buku la malangizo lotchedwa DNA, limene limaliuza ntchito yake, nthawi yogawikana kuti pakhale maselo awiri, ndi nthawi yoleka. Khansa imayamba pamene malangizo amenewa aonongeka m'selo lina, ndipo selolo liyamba kugawikana kosalekeza, osamvera anzake, kufikira lipanga chotupa.

Selo, pokhala lamoyo, limadya ndipo limapuma. M'kati mwake muli ting'anjo tambirimbiri m'mene chakudya chimapsa pang'onopang'ono ndi mpweya wa okosijeni umene timakoka ndi mapapo athu; ndimo mumachokera mphamvu yoyendera ndi kufunda kwa thupi. Koma okosijeni ndi bwenzi lofunika kulichenjerera. Khasu likagona pamvula limachita dzimbiri. Nthochi yosenda ikakhala pamtetete imada. Mafuta ophikira akakhalitsa amasintha fungo. Nkhuni sizingayake popanda mpweya. Zonsezi ndi ntchito ya okosijeni mmodzi yemweyo, pena mofulumira, pena mozengereza.

Ndipo monga moto wa pamafuwa sulephera kuthetheka, ting'anjo ta m'selo nato timataya tizidutswa ta okosijeni tolusa, timene timaluma chilichonse chimene takhudza, kaya mafuta a khoma, kaya buku la malangizo lija. Akatswiri ali ndi maina aatali a tizidutswa timeneti. Ife m'nkhani ino tizititcha mbaliwali. Imodzi mwa izo ambiri a inu mumaidziwa: ndi hydrogen peroxide, mankhwala a m'botolo aja amene amachita thovu mukawathira pabala.

Mbaliwali sizili zoipa nthawi zonse. Zikakhala zochepa, selo limazigwiritsa ntchito ngati amithenga, ndipo maselo oyera a m'magazi amaphera nazo tizilombo ta matenda. Koma mwini nyumba yofolera ndi udzu sagona wopanda mtsuko wa madzi pafupi. Chomwechonso selo lili ndi zozimitsira zake. China chimatchedwa catalase. Ntchito yake ndiyo kuswa hydrogen peroxide kuti asanduke madzi ndi okosijeni wamba, ndipo thovu lija la pabala ndi chizindikiro chakuti catalase wa m'magazi alikugwira ntchito. China ndi glutathione, amene amapezeka wochuluka m'selo, namadzipereka kupsa m'malo mwa ziwalo zofunika. Pamwamba pa izi pali kapitao wotchedwa Nrf2. Masiku a mtendere kapitaoyu amakhala wogwidwa ndi mnzake dzina lake Keap1. Koma mbaliwali zikamuluma Keap1, iye amataya dzanja, ndipo kapitao amathamangira ku buku la malangizo kukalamula kuti zozimitsira zipangidwe zambiri.

Mbaliwali ndi zozimitsira zikalingana, selo limakhala pabwino. Mbaliwali zikapambana, selo limapanikizika. M'chaka cha 1985 katswiri wa ku Germany, Helmut Sies, anapatsa vutoli dzina lakuti oxidative stress, ndiko kunena kupanikizika kwa selo chifukwa cha kuchuluka kwa mbaliwali za okosijeni.

NYUMBA IMENE MOTO SUZIMA

Tsono selo la khansa lifanana ndi nyumba imene mumaphikidwa mowa usana ndi usiku. Pakuti liyenera kugawikana kosapuma, limadya mosusuka. Otto Warburg wa ku Berlin anaona kale m'zaka za m'ma 1920 kuti zotupa zimameza shuga wambiri koposa mnofu wabwino. M'nyumba yotere mbaliwali zimachuluka. Poyamba zimenezi zimathandiza khansayo, pakuti mbaliwali zimaonjezera kusokoneza malangizo ndi kufulumiza kugawikana. Koma kuti nyumbayo isapse, selo liyenera kutunga madzi ozimitsira tsiku lonse, ndipo nthawi zambiri mitsuko yake imakhala ili pafupi kuuma.

Apa ndipo pagona nzeru ya madotolo. Mukaponya chikuni choyaka pa nyumba ziwiri, ina ya mitsuko yodzaza, ina imene ilikulimbana kale ndi moto wake, yoyamba ikhoza kupulumuka, yachiwiri n'kupsa. Sikuti maselo onse a khansa ali ofooka chotere, monga tidzaona posachedwa. Koma kusiyana kumeneku ndi khomo limodzi limene madotolo amalowerapo.

CHEZA CHA MAKINA

Wilhelm Röntgen anatulukira cheza cha ekisire m'chaka cha 1895, ndipo pasanapite zaka zambiri madotolo anayamba kuyesa kuwotcha nacho zotupa. Anthu amati makina amawotcha, koma wodwala akagona pansi pa makinawo samva kutentha kulikonse. Chimene chimachitika n'chakuti gawo lalikulu la selo ndi madzi, ndipo cheza chikadutsa chimaswa madziwo, n'kutulutsa mbaliwali zolusa kwambiri pafupi penipeni ndi buku la malangizo. Pa kuonongeka konse kumene cheza chotere chimachita m'selo, pafupifupi magawo awiri mwa atatu kumadzera m'mbaliwali zimenezi.

M'zaka za m'ma 1950 katswiri wa ku England, Louis Harold Gray, ndi anzake anaonetsa chinthu china chofunika. Selo losowa okosijeni limapirira cheza. Kuti life pafunika muyeso woposa pafupifupi katatu. Tsono chotupa chikakula, pakati pake sipafika magazi okwanira, ndipo maselo a pamenepo amakhala ngati nkhuni zaziwisi zokana moto. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chotupa chachikulu chimavutira kuchiza.

Ndi chifukwa chakenso madotolo sapereka cheza chonse tsiku limodzi, koma pang'onopang'ono, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata angapo. Pakati pa tsiku ndi linzake maselo abwino amakonza zoonongeka zawo bwino koposa a khansa. Ndipo maselo a kunja kwa chotupa akafa, a m'kati amayamba kulandira okosijeni, motero cheza cha mawa chimawapeza atauma.

KODI PULAZIMA N'CHIYANI?

Tonse tidziwa kuti madzi akazizira kwambiri amaundana monga matalala, akafunda amayenda, akawira amasanduka nthunzi. Awa ndi makhalidwe atatu a zinthu. Koma alipo achinayi. Mpweya ukapatsidwa mphamvu yoposa, monga ya magetsi, maatomu ake amathothoka tizigawo totchedwa maelekitironi, ndipo mpweyawo umayamba kuwala ndi kudutsa magetsi. Ameneyu ndiye pulazima. Dzuwa ndi pulazima. Mphezi ya m'dzinja ndi pulazima. Kuwala kothobwa m'maso kumene mumaona amisiri akamawotcherera zitsulo ku mashopu a njanji ku Raylton ndi pulazima, ndipo nyale zazitali zoyera za m'masitolo nazo muli pulazima. William Crookes anamufotokoza m'chaka cha 1879, ndipo Irving Langmuir wa ku America anamupatsa dzinali mu 1928. Dzina lomweli madotolo amatchulanso nalo madzi a m'magazi, koma ziwirizi n'zosiyana. Lero tilikunena za mpweya wowala.

Mudzafunsa kuti, kodi mwana wa mphezi angaikidwe bwanji pathupi la munthu? Yankho ndi ili: amisiri anapeza njira yopatsa mphamvu maelekitironi okha, amene ali opepuka, pamene mpweya wonsewo ukhalabe wofunda pang'ono, osapitirira madigiri 40. Chida china chotchuka chinapangidwa mu mzinda wa Greifswald ku Germany. Chimaoneka ngati cholembera chachikulu. M'kati mwake mumadutsa mpweya wa argon, ndipo kunsonga kumatuluka kalilime kowala, kakafupi, kamene munthu akhoza kukagunda ndi chala osapsa. Kalilimeko kakasakanikirana ndi mpweya wa panja ndi chinyontho cha pabala, pamabadwa mbaliwali za mitundu yambiri, za okosijeni ndi za nayitirojeni, pamodzi ndi hydrogen peroxide uja.

Onani tsono kusiyana kwake. Cheza cha makina chimalowa m'kati mwa thupi n'kukabala mbaliwali komweko. Pulazima amabala mbaliwali kunja, n'kuzithira pamwamba.

M'chaka cha 2013 zida zotere zinavomerezedwa ku Ulaya kuti zizithandiza pa zilonda zosapola msanga, pakuti zimapha tizilombo ndi kudzutsa khungu kuti limere. Koma akatswiri anali ataona kale kuti muyeso ukaonjezeka, chimene chimadzutsa selo chikhoza kulipha. Mu 2007 a pa Drexel University ku Philadelphia anaonetsa kuti maselo a khansa ya pakhungu osungidwa m'mbale amafa akalandira pulazima, ndipo mu 2011 Michael Keidar ndi anzake ku Washington anaona zotupa zikuchepa pa mbewa zoyesera.

MMENE SELO LA KHANSA LIMAYANKHIRA

Tiyeni tsopano titsate mbaliwali zija, tione chimene zimakumana nacho. Selo la khansa silingokhala chete kudikira imfa. Lili ndi mayankho asanu.

Loyamba ndi khoma. Mbaliwali zambiri n'za moyo waufupi ndithu. Zimaluma mafuta a khoma n'kuthera pomwepo, koma khomalo limatsala lofooka ndi lochucha. Hydrogen peroxide ndiye amakhalitsa, ndipo amalowa m'selo kudzera m'timakomo timene madzi amalowera. Khoma limene muli mafuta ambiri otchedwa cholesterol limakhala lothinana, ndipo akatswiri apeza kuti maselo a makoma otere kawirikawiri amapirira koposa anzawo.

Lachiwiri ndi kuzimitsa. Mbaliwali zikalowa, catalase ndi glutathione amayamba ntchito, ndipo kapitao Nrf2 amamasuka kukaitanitsa zozimitsira zina. Maselo ena a khansa ali ndi timakomo tambiri tolowetsera zipangizo zopangira glutathione, ndipo otere amazimitsa moto mofulumira. M'makhansa ena, monga ena a m'mapapo, Keap1 amakhala ataonongeka, kotero kapitao sagwidwanso konse, ndipo mitsuko imakhala yodzaza usana ndi usiku.

Lachitatu ndi kuima. Selo likaona kuti buku la malangizo lang'ambika, limaleka kugawikana kuti lisoke pong'ambikapo. Woyang'anira ntchito imeneyi amatchedwa p53. Iye ndiye amaweruza ngati selo likhoza kukonzeka kapena liyenera kufa. Koma pafupifupi theka la makhansa a anthu, woweruza ameneyu amakhala wopunduka, ndipo selo limapitiriza ulendo wake ndi buku long'ambika.

Lachinayi ndi imfa. Mbaliwali zikapambana zozimitsira, ting'anjo tija timabooka, ndipo zotuluka m'menemo zimadzutsa timipeni timene timadula selo m'kati mwadongosolo. Selolo limafota, n'kugawika tizidutswa, ndipo maselo ena amadza kudzatola. Akatswiri atatu a ku Aberdeen, Kerr, Wyllie ndi Currie, anatcha imfa imeneyi apoptosis m'chaka cha 1972, pobwereka mawu a Chigiriki onena za kuyoyoka kwa masamba, monga mitengo imachitira m'chilimwe. Ilipo imfa ina, imene inapatsidwa dzina mu 2012, m'mene chitsulo chochepa cha m'selo chimakoleza moto pa mafuta a khoma kufikira khomalo litagwa. Ndipo pali china chokondweretsa: maselo ena akamafa ndi mbaliwali amaonetsa zizindikiro pakhoma pawo zimene zimaitana asilikali a thupi. Pa mbewa zoyesera asilikaliwo aonedwa akuphunzira nkhope ya mdani, n'kuyamba kusaka maselo ena a khansa yomweyo.

Lachisanu ndilo lofunika kulimvetsa koposa onse, ndilo kuzolowera. M'chotupa chimodzi muli maselo mamiliyoni ambiri, ndipo sali ofanana. Moto ukakhala wosakwanira, ofooka amafa, olimba natsala; ndipo ana a olimbawo amabadwa olimba. Inu amene munaona udzudzu ndi nsikidzi zikuleka kufa ndi mankhwala amene kale ankazipha, kapena chifuwa chachikulu chikubweranso mwaukali mwa munthu amene analekera panjira mankhwala ake, mwaimva kale nkhaniyi. Ku Greifswald akatswiri anayesa pulazima pa mitundu yoposa 30 ya maselo a khansa, napeza kuti ina inafa msanga pamene ina inapirira muyeso waukulu. Anatenganso maselo ena nawapatsa pulazima mobwereza sabata ndi sabata; patapita masabata angapo otsalawo anali atazolowera, osafanso monga poyamba, ngakhale kuti anayamba kukula mochedwa. Chotero moto womwewo ukhoza kudzutsa selo, kulipha, kapena kuliphunzitsa. Chimene chimalamula ndi muyeso ndi nthawi.

ZIMENE ZAONEKA PA ANTHU

Mbale ndi mbewa si munthu. Kodi pa odwala enieni paoneka zotani? Ku Greifswald komweko Dotolo Hans-Robert Metelmann anayesa pulazima pa odwala ochepa a khansa ya m'kamwa ndi ya m'khosi, amene nthenda yawo inali itafika patali, zilonda zili poyera. Malipoti ake a 2015 ndi 2018 anaonetsa kuti tizilombo ta pazilonda tinachepa, fungo linachepa, ndipo odwala ena anachepetsa mankhwala opha ululu. Pa odwala 6 a m'lipoti lachiwiri, awiri anaona chotupa chikuchepa kwa miyezi ingapo. Ichi si chinthu chaching'ono kwa munthu amene abale ayamba kumutalikira chifukwa cha fungo. Koma ntchitoyo inali yochepetsa kuvutika, osati yochiritsa.

Ku Tübingen, m'dziko lomwelo, Dotolo Martin Weiss ndi anzake anayesa pulazima pa amayi amene khomo lawo la chiberekero linayamba kusintha koma lisanagwidwe ndi khansa yeniyeni. Ntchitoyo inkatenga nthawi yochepa, popanda kugoneka wodwala tulo. M'lipoti la 2023, mwa amayi 10 alionse oposa 8 anapezeka kuti kusinthako kwatha. Nkhani imeneyi itikhudza ife kwambiri, pakuti Malawi ndi Zimbabwe ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri koposa pa dziko lapansi.

Koma tiyenera kunena zoona zonse. Mphamvu ya pulazima wozizira imathera pamwamba, monga moto wa lupsa umene umapsereza udzu koma osafika ku mizu ya chitsa. Kuuika pakhungu sikungachize chotupa cha m'chiwindi, cha m'mapapo, kapena khansa imene yamwazikira m'mafupa. Odwala amene ayesedwa nawo akali ochepa, ndipo njirayi sinafike pokhala chithandizo cha masiku onse cha khansa. Kumene ilikulonjeza zabwino ndi pa nthenda ya pamwamba, yoyamba kumene, ndi pamalo pamene dotolo wangochotsapo chotupa ndi mpeni.

PHUNZIRO KWA IFE

Tsono kodi ife a ku Bulawayo titolapo chiyani pa zonsezi? Titolapo zinthu zinayi.

Choyamba, fikani msanga. Taona kuti chotupa chikakula, pakati pake pamasowa okosijeni ndipo maselo olimba amachuluka. Moto uliwonse, wa cheza kapena wa pulazima, umagwira bwino pa chotupa chaching'ono. Amayi, m'zipatala za boma muli kupima kumene kuno amakutcha VIAC: namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo pamene payamba kusintha pamayera. Malo otere akhoza kuchizidwa mosavuta, poziziritsa kapena potenthetsa, khansa isanayambe. Katemera wa HPV, woteteza atsikana ku kachilombo koyambitsa khansayi, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse la Zimbabwe mu 2018 ndi la Malawi mu 2019. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kutaya magazi kosadziwika bwino, chotupa cha m'bere, kuvutika kumeza, chilonda chosapola, zonsezi n'zokaonetsa kwa dotolo mwezi womwewo.

Chachiwiri, mukayamba chithandizo, tsirizani. Masiku amene wodwala wadumpha ndi masiku amene maselo olimba amapuma, kudzaza mitsuko yawo ndi kuswana. Pa khansa ya khomo la chiberekero madotolo amayesetsa kuti ntchito yonse ya cheza ithe masabata 8 asanapitirire, pakuti akapitirira mwayi wochira umayamba kuchepa. Wodwala akayamba kupeza bwino pakati pa ulendo, chimenecho si chizindikiro chakuti nthenda yatha. Ambiri amaleka osati mwa kufuna, koma chifukwa chosowa ndalama ya basi kapena pogona. Apa abale ndi mipingo ali ndi ntchito. Mabungwe athu a maliro, amene makolo anayambitsa m'makomboni muno kuti mlendo asaikidwe ngati wopanda kwawo, amadziwa kusonkha ndalama ya bokosi. Kodi sangasonkhenso ya ulendo wa kuchipatala, munthuyo akali ndi moyo?

Udindo wina uli pa osamalira chuma cha dziko. M'zaka zina m'mbuyomu makina a cheza a ku Mpilo ndi a ku Parirenyatwa anaima nthawi yaitali chifukwa cha kuonongeka, ndipo odwala anadikira kapena kufunafuna thandizo kutali. Amene wamva nkhani ya lero aona yekha kuti makina akaima pakati pa chithandizo, chotupa sichiima nawo. Kugula makina ndi theka la ntchito. Theka lina ndilo amisiri, zitsulo zosinthira ndi magetsi osadukaduka. Ku Malawi, kumene kwa zaka zambiri odwala ankatumizidwa kunja, chipatala cha boma cha khansa ku Lilongwe chinayamba ntchito ya cheza mu 2025, ndipo phunziro lomweli liyenera kusungidwa kumenekonso.

Chachitatu, musamwe mankhwala ena mobisira dotolo. Masiku ano kuli ogulitsa mapilisi ndi maufa amene amati amatsuka thupi ndi kuzimitsa mbaliwali. Koma taganizani: ngati dotolo alikukoleza moto pa chotupa, kodi n'kwanzeru kutumiza madzi kwa mdani? Ku Finland anayesa mapilisi a beta-carotene pa amuna osuta fodya oposa 29,000, poyembekeza kuti adzawateteza. Zotsatira za mu 1994 zinaonetsa kuti khansa ya m'mapapo inachuluka ndi 18 pa 100 alionse mwa amene anamwa mapilisiwo. Ndiwo zamasamba, zipatso, nyemba ndi nsima idyani ndithu, pakuti wodwala afunika mphamvu. Koma za m'mabotolo ndi za kwa sing'anga, muuzeni dotolo poyera, iye ndiye aweruze.

Chachinayi, chenjerani ndi onyenga. Dzina latsopano likamveka pa wailesi kapena pa intaneti, sipachedwa kubuka anthu onyamula kabokosi kowala, namati kamachiza khansa iliyonse. Mwamva lero kuti ngakhale akatswiri amene agwira ntchitoyi zaka zambiri sanena choncho. Amene alonjeza kuchiza chotupa cha m'mimba poyendetsa kuwala pakhungu alikufuna ndalama zanu, ndipo chimene adzakulandani choposa ndalamazo ndi miyezi imene mukadathandizidwa.

Ntchito ya akatswiri a pulazima ndi yoyenera ulemu, ndipo mwina ana athu adzaona chida chonga cholembera chija m'zipatala za m'midzi. Yatiphunzitsa kale kuti selo la khansa lili ndi pofooka pake, ndi kuti limachenjera likapatsidwa mpata. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Zimene zili m'manja mwathu lero ndi katemera, kupimitsa, kufika msanga ndi kutsiriza chithandizo. Kambiranani zimenezi m'nyumba zanu, ndipo amene wamva auze amene sanamve.